Chigamba cha sipuleyi pa Vitz ya siliva ku Matawale: chinakanika m'Julaye, chinatheka m'Seputembala

Galimoto yake ndi Toyota Vitz ya siliva, imodzi mwa zija zobwera kuchokera ku Japan zitayendako kale. Imagona pakhomo lina ku Matawale mumzinda wa Zomba, pansi pa malata opanda zipupa m'mbali. M'mwezi wa Meyi inakhulana ndi chipilala cha geti pobwerera m'mbuyo. Bala linali kumanzere chakumbuyo, pamwamba pa tayala, m'munsi pang'ono mwa kachitseko kothirira petulo. Panakandika masentimita 18 m'litali ndi 4 m'lifupi mpaka chitsulo kuonekera, pakati pake panalowa m'kati pafupifupi mamilimita 2, ndipo kona ya bampala inapalika mpaka pulasitiki yakuda ya m'kati kutulukira.

Bala lotere ndi laling'ono, chitini cha sipuleyi chingathane nalo. Koma linali ndi zovuta zitatu zobisika: penti wake ndi siliva wokhala ndi tizitsulo tonyezimira, malo ake ndi pomwe petulo amadonthera, komanso chitsulo chinakhala poyera milungu yambiri.

Zomwe mwini wake anachita

Anadikira mpaka Julaye. Anagula chitini chimodzi cha sipuleyi wa siliva m'shopu ya hadiweya m'tauni, uja timapopera njinga ndi zitsulo za m'mawindo. Anapukuta pabalapo ndi nsanza yoviika m'petulo, anamata nyuzipepala kuzungulira bala n'kusiya kabokosi ka ngodya zinayi, ndipo anapopera kawiri mokhuthala cha m'ma 5 koloko madzulo ataweruka kuntchito. Tsikulo kunali chiperoni, phiri la Zomba silinkaoneka ndi nkhungu.

Galimoto itabwera kudzaonedwa patatha milungu 7, chigambacho chinkaoneka munthu ataima kutsidya kwa msewu. Chinali chotuwa mbuu, chopanda kuwala. M'mphepete mwake munali mzere wokwera woti chikhadabo chimakodwa. Pamwamba panali timaenje tozungulira ngati maso a matemba, m'munsi penti anatsika misozi iwiri, pakati panatuluka matuza, ndipo kuchokera pa kachitseko ka petulo panatsika mzere wonyata.

Chilichonse mwa izi chili ndi gwero lake, ndipo palibe chomwe tinganamizire chitini.

Kutuwa kunabwera ndi chinyezi. Penti akamatuluka m'chitini, thina wa m'kati mwake, mankhwala osungunulira penti aja, amauluka msanga n'kuziziritsa pamalo popopedwapo. Mpweya ukakhala wonyowa, monga umakhalira ku Zomba kukachita chiperoni mu Juni ndi Julaye, madzi amasanduka mame pa penti wosaumayo n'kutsekeredwa momwemo. Opanga penti wa magalimoto amalangiza kuti chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri 3 kuposa pomwe mame amayambira kugwa, ndipo chinyezi chikapitirira 80 pa 100 ntchito iimitsidwe. Madzulo a chiperoni zonse ziwiri zimaphwanyika.

Maso a matemba aja ndi a silikoni. Galimotoyi inkatsukidwa kumalo otsukira magalimoto komwe amapaka mankhwala owalitsa matayala, ndipo tayala likamazungulira limawamwaza pa bodi. Penti sagwira pa silikoni, amathawa n'kusiya kadzenje. Petulo sachotsa zimenezi bwino. Amangozifalitsa, n'kusiyanso mafuta ake.

Matuza ndi dzimbiri. Linali litayamba kale m'Meyi, ndipo kuliphimba ndi penti kunangolipatsa denga. Misozi inabwera chifukwa chopopera pafupi, mokhuthala, pa chitsulo chozizira. Mzere wokwera ndi wa tepi yomwe anamatira nyuzipepala. Mzere wonyata ndi wa petulo: sipuleyi wamba amauma pongouluka thina, choncho chilichonse chosungunula chikamukhudza amafewanso, ngakhale patapita miyezi.

Mtundu nawo sunali womwewo. Siliva alipo wamitundumitundu, wina wopita ku buluu, wina ku chikasu, wina wa tizitsulo tikulutikulu. Chivindikiro cha chitini sichiuza munthu kanthu.

Kupeza penti woyenera

Galimoto za Toyota zimakhala ndi kachitsulo kapena kapepala ka fakitale pa chimango cha chitseko kapena m'kati mwa boneti, ndipo pamenepo pamalembedwa nambala ya mtundu ya zilembo zitatu. Pa Vitz iyi panali 1F7, yomwe ndi siliva wonyezimira. Zina zomwe timakumana nazo kawirikawiri ndi 040, woyera wamba, 070, woyera wa pelo (wonyezimira ngati ngale), ndi 202, wakuda. Penti anachita kuitanitsa kwa ogulitsa penti wa magalimoto, atamusakaniza potsata nambalayo n'kumuika m'zitini.

Nambala ndi poyambira chabe. Galimoto yomwe yawombedwa ndi dzuwa zaka zoposa 10 siifanananso ndendende ndi mmene inatulukira ku fakitale, ndipo nambala imodzi imatha kukhala ndi timitundu tosiyana pang'ono. N'chifukwa chake penti anayamba wayesedwa pa kachidutswa ka lata kathyathyathya ka masentimita 15 mbali zonse, kopakidwa pulayima (utoto woyambira pansi) yemweyo wodzapaka pa galimoto, penti makoti atatu (kupopera katatu) ndi kiliya (utoto wopanda mtundu wowalitsa ndi kuteteza penti) pamwamba, kenaka n'kukayerekeza pa galimoto padzuwa, poyang'ana molunjika ndiponso chammbali. Osayerekeza kiliya asanapakidwe, siliva wopanda kiliya amanama. Kachidutswako kanaonetsa kuti penti watsopano ndi wodera pang'ono. Sanabwezedwe, chifukwa kusiyana kochepa chotere kumakonzeka ndi kapoperedwe, monga tionere.

Zomwe zinasonkhanitsidwa ndi izi: zitini 2 za penti 1F7 za mamililita 400, chitini chimodzi cha pulayima wa asidi wogwira pa chitsulo, chimodzi cha pulayima wokhuthala wotuwa, chimodzi cha pulayima wa pulasitiki, zitini 2 za kiliya wa 2K (wosakaniza ndi hadena, mankhwala olimbitsa), kachitini ka bodefila (phala lokwirira polowa) ndi hadena wake, lita imodzi ya mankhwala ochotsa mafuta ndi phula, thina pang'ono, sandipepa wa P80, P180, P320, P600, P800, P1500 ndi P2000 (nambala ikamakula, sandipepa amasalala), kathabwa kokulungirapo sandipepa, tepi ya magalimoto, pepala la khaki, nsalu yomata fumbi ndi polishi wodula. Nyuzipepala ayi. Inki yake imasungunuka ndi thina, ili ndi timabowo, ndipo imayoyoka ufumbi.

Tsiku loyamba: kuchotsa zakale ndi kukonza chitsulo

Ntchito inachitika pakati pa Seputembala, mvula isanayambe, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Mbali yonse inatsukidwa ndi sopo wa mbale, m'kati mwa madigadi momwe, pomwe munali matope ouma ofiira. Kenaka inapukutidwa ndi mankhwala ochotsa mafuta pogwiritsa nsalu ziwiri, ina yonyowetsa, ina youmitsa mankhwala asanaume okha. Izi zimachitika sandipepa asanakhudze galimoto. Ukayamba ndi sandipepa umakankhira silikoni m'timizere momwe sadzatulukamonso.

Chigamba cha m'Julaye chinachoka ndi thina pa nsanza. Kupukutaku kumayankhanso funso lina lofunika. Penti wa ku fakitale ndi wowotcha, thina wongodutsa samusungunula. Nsanza ikanatenga mtundu kunja kwa chigamba, tikanadziwa kuti mbaliyi inapentedwapo kale ndi penti wofewa, amene amachita makwinya akapopedwa wina pamwamba. Apa nsanza inatuluka yoyera.

Pansi pa matuza panapezeka dzimbiri lofiira lomwe linali litafalikira sentimita imodzi kupyola bala kulowa pansi pa penti wabwino. Linakwechedwa ndi P80 mpaka chitsulo kuwala, ndipo penti anachotsedwa masentimita 3 kuzungulira polowa m'kati paja. Timadontho takuda totsalira m'timaenje tinathiridwa mankhwala opha dzimbiri a asidi wa fosiforiki, kenaka n'kupukutidwa ndi kukwechedwanso kuti pasatsale zoyanga. M'mphepete mwa penti wakale munasalazidwa ndi P180 kuti chala chikamadutsa kuchoka pa chitsulo kupita pa penti chisamve sitepe.

Bodefila amapita pa chitsulo chokwechedwa, osati pa pulayima wa asidi. Asidi amasokoneza kuuma kwake. Muyeso wa hadena ndi 2 pa 100 mpaka 3 pa 100, kunena kwake fila wochuluka ngati dzira la nkhuku afuna hadena wongoposa pang'ono njere ya nsawawa. Hadena akachepa fila salimba, akachuluka amadzathimbiriritsa penti pamwamba, makamaka mitundu yowala ngati siliva ndi woyera. Posakaniza upinde ndi kupanikiza, osatakasa ngati phala, chifukwa kutakasa kumalowetsa mpweya umene umadzasanduka timabowo. Pali mphindi 4 kapena 5 zokha asanayambe kugwirana. Anapakidwa kawiri mopyapyala, nthawi iliyonse n'kudikira mphindi 25, n'kukwechedwa ndi P80 kenaka P180 pa kathabwa, mopingasa mbali ziwiri. Sandipepa wogwira ndi zala amatsata dzenje mmalo molifafaniza. Ndipo fila sakwechedwa ndi madzi: amamwa ngati siponji n'kukadzetsa dzimbiri pansi pake. Omaliza anali P320, kufika masentimita 5 kupyola fila.

Pomwe panatsala chitsulo choonekera panapopedwa pulayima wa asidi koti imodzi yopyapyala. Patatha mphindi 15 panabwera pulayima wokhuthala makoti atatu, motalikirana mphindi 10. Pepala lophimba linamatidwa chotembenuza: kulimata moyang'ana pabala kenaka kulipindira kumbuyo, kuti m'mphepete mukhale mozungulira ndipo pulayima athere pang'onopang'ono, osati pa mzere.

Bampala inakwechedwa ndi P320 yokha, chifukwa sandipepa wokhakhala amatukula ubweya pa pulasitiki. Mabampala ambiri otere ndi a pulasitiki ya PP, ndipo zilembozo zimadindidwa kuseri kwake. Penti sagwira pa pulasitiki imeneyi popanda pulayima wake wapadera, wooneka ngati madzi, amene amangofuna kamodzi kopyapyala. Ukamulumpha, penti amadzasendeka ngati khungu la njoka tsiku loyamba lotsuka ndi madzi amphamvu.

Galimoto inagona yofunditsidwa, pulayima atauma.

Tsiku lachiwiri: penti

Pa pulayima panapemereredwa sipuleyi wakuda pang'ono chabe, ngati mwaye, kenaka n'kukwecha ndi P600 pa kathabwa. Pomwe pakuda patsalira ndiye kuti mpolowa. Panapezeka kamzere kamodzi ka P80 komwe sikanafafanizike. Kanakwiriridwa ndi pulayima wina n'kudikira ola lathunthu. Kuchedwa kumeneku kunali koyenera. Siliva ndi kazitape, tizitsulo take timagona motsata kamzere kalikonse n'kukaonetsa poyera. Omaliza pa pulayima anali P800. Mbali yotsala yomwe kiliya adzafikeko inachotsedwa kuwala ndi P1500.

Nthawi yopopera inasankhidwa mosamala. Mame anali atauma pofika 9 koloko, ndipo mphepo inali isanadzuke. Seputembala ndi wa fumbi ndi phulusa la tchire lotenthedwa, choncho pansi panawazidwa madzi mamita atatu kuzungulira galimoto, mbali yochokera mphepo n'kutchingidwa ndi lona. Mthunzi unali wa malata, osati wa mtengo. Pakhomopo pali mango amene nthawi imeneyi amayoyola maluwa ndi tizirombo. Chitsulo chinayesedwa ndi kuseri kwa dzanja: chisazizire, chisatenthe. Penti wa m'chitini amayenda bwino pakati pa madigiri 15 ndi 25. Pa chitsulo chowombedwa ndi dzuwa amauma asanayale n'kuchita tsembwe.

Zitini zinaikidwa m'beseni la madzi ofunda, oti mwana angasambe, kwa mphindi 10. Chitini chofunda chimatulutsa penti wosalala. Madzi owira ayi, pafupi ndi mbaula ayi: pa chitini pamalembedwa kuti chisapitirire madigiri 50. Chilichonse chinakhutchumulidwa mphindi ziwiri zathunthu kuwerengera pomwe kampira ka m'kati kayamba kulira, ndi kukhutchumulanso pakati pa makoti, poti tizitsulo ta siliva timakhazikika pansi msanga.

Kapoperedwe: masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa bodi, chitini choyang'ana molunjika, kuyenda ndi mkono wonse osati kupotoza dzanja. Chala chimadina chitini chili kale paulendo, n'kusiya chisanaime. Mzere uliwonse umaphimba theka la wam'mbuyo. Koti yoyamba inali yopyapyala, pulayima akuonekerabe. Apa m'pomwe ambiri mtima umawathamanga, nafuna kuphimba zonse kamodzi. Patatha mphindi 10, penti atasiya kunyezimira, inabwera yachiwiri, kenaka yachitatu, iliyonse kupyola inzake ndi masentimita 8 kapena 10. Palibe tepi yomwe inaikidwa pomwe penti akuthera. Mtundu watsopano umangozimiririka m'wakale, ndipo diso silipeza malire poti malirewo palibe.

Tsopano za kudera kuja. Siliva akapopedwa monyowa, tizitsulo timamira ndipo mtundu umadera. Akapopedwa chapatali mouma pang'ono, timatsala pamwamba ndipo mtundu umawala. Choncho koti yomaliza inapemereredwa kuchokera masentimita 30 mpaka 35, mopepuka, mopingasa. Koti yomweyi imafafanizanso mizere ya mbidzi yomwe chitini chimakonda kusiya pa siliva, popeza kamutu kake kamamwaza mopapatiza. Kadontho kamodzi kanalavulidwa ndi chitini choyamba chitatsala pang'ono kutha. Kanasiyidwa mphindi 20, kanakwechedwa pang'ono ndi P800 wouma, n'kupoperaponso. Chitini chikapepuka chimayamba kulavula. Gawo lomaliza lisungire zoyesera. Penti wa siliva sasiyidwa wokwechedwa pansi pa kiliya, nthawi zonse pamafunika koti ina pamwamba.

Kiliya

Kiliya wa 2K anasankhidwa chifukwa cha kachitseko ka petulo kaja, poti akalimba petulo samufewetsa. Chitini chake chili ndi kabotolo ka hadena m'kati. Umachotsa batani pa chivindikiro, kuliika kunsi kwa chitini, kudina mpaka liboole, n'kukhutchumula mphindi ziwiri. Kuyambira pamenepo wotchi yayamba, chifukwa penti amalimba m'chitini momwemo pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kukatentha amafulumira. Chachiwiri sichinabooledwe mpaka choyamba chitatha.

Hadena ameneyu ali ndi mankhwala a isocyanate omwe amawononga mapapo ndipo amatha kuyambitsa mphumu yosatha. Masiki ansalu aja a nthawi ya Covid sathandiza kanthu, ngakhale a pepala a fumbi. Pamafunika masiki a labala okhala ndi zosefera za makala, zatsopano, ogwira bwino pankhope, pamodzi ndi magolovesi, magalasi ndi malaya a manja aatali, ndipo ntchito ichitikire pabwalo. Ana, nkhuku ndi zovala za pachingwe zinachotsedwa. Amene alibe masiki otere agwiritse kiliya wamba wa 1K, wopanda hadena, avomereze kuti petulo akadontha ayenera kupukutidwa nthawi yomweyo.

Kiliya anayamba patatha mphindi 30 chipoperere penti, nsalu yomata fumbi itadutsa mopepuka. Koti yoyamba yapakatikati, kudikira mphindi 10, kenaka ziwiri zonyowa, zoyenda pang'onopang'ono mpaka kuwala kuzitsatira chitini. Kunyowa kokwanira ndi kutsika misozi zimasiyana pang'ono kwambiri, ndipo woona bwino ndi amene wapendeketsa mutu kuyang'ana chammbali.

Vuto la mbali iyi ya galimoto ndi loti ilibe pothera, chitsulo chake chimakwera mpaka kudenga. Pa chitseko kapena pa bampala kiliya amafika m'mphepete monse, nkhani yatha. Apa anafikitsidwa m'mphepete mwa chitseko, mwa nyali ndi mwa tayala, koma kumwamba anathera pa mzere wopindika wa bodi m'munsi mwa galasi, pepala litamatidwa chotembenuza. Tepi inachotsedwa patatha mphindi 20, kiliya akadali wofewa, poikoka moipindira kumbuyo. Zitini zinazondotsedwa n'kupopera masekondi angapo kuti timitu tisatsekeke. Zotheratu sizinaponyedwe kudzala, chifukwa zinyalala zikamatenthedwa zitini zimaphulika.

Zotsatira

M'mawa mwake panapezeka msozi umodzi wa masentimita awiri pa mkombero wa tayala, pomwe mizere iwiri inakumana, tifumbi tisanu ndi kachirombo kamodzi. Zonse zinasiyidwa masiku atatu. Msozi wosauma ukaukhudza umang'ambika mpaka pa penti. Kenaka unadulidwa ndi P1500 wamadzi wokulunga pa kamtengo kathyathyathya kotalika ngati chala, kuti adye msozi wokha osati za m'mbali. Mbali yonse inadutsidwa ndi P2000 wamadzi a sopo pang'ono, kupewa makona pomwe kiliya amakhala wopyapyala, n'kupukutidwa ndi polishi wodula pamanja kwa mphindi 40. Pa mzere pomwe kiliya anathera, nsalu inkayenda kuchoka pa watsopano kupita pa wakale; kubwerera kwina kumatukula m'mphepete.

Penti anatha chitini chimodzi ndi theka, kiliya chimodzi ndi kotala, pulayima wokhuthala theka. Ntchito ya manja inakwana pafupifupi maola 9 pa masiku atatu, ndipo mwa maola amenewa kupopera kwenikweni sikunakwane mphindi 30.

Masana, munthu ataima mita imodzi, saona pomwe panali bala. Usiku pansi pa magetsi a pomwetsera mafuta, woyang'ana chammbali amaona kuti pamwamba pa tayala n'poderako pang'ono. Kiliya watsopano ali ndi tsembwe lochepa kuposa wa pachitseko, ndipo mzere wa m'munsi mwa galasi chikhadabo chimaumva ngakhale diso siliuona. Mzere umenewu ndiwo malo ofooka a ntchito yonse. Dzuwa likaudya zaka zingapo ukhoza kuyamba kuyera. Bala likanakhala pa boneti kapena padenga, kapena lalikulu kuposa pepala la A4, kapena dzimbiri litaboola chitsulo, kapena mtundu ukanakhala 070 wa pelo amene amafuna magawo atatu, galimotoyi ikanatumizidwa kwa owongola magalimoto okhala ndi kompuresa ndi mfuti yopopera.

Mwini wake anauzidwa kuti asatsuke ndi sopo kwa sabata imodzi, asapake polishi wa phula kwa masiku 30, ndipo awauze anyamata otsuka kuti mankhwala a matayala azipaka ndi siponji osati kupopera. Kuseri kwa polowa paja, m'kati mwa bodi, kunathiridwa phula loteteza dzimbiri kudzera pa bowo la kuseri kwa nyali, chifukwa chitsulo chikapindika utoto wa m'kati umathanso kung'aluka. Galimoto ikuyenera kudzaonedwanso mvula ikagwa mwezi wathunthu, makamaka m'mphepete mwa fila ndi pa mkombero wa tayala pomwe matope amakhala.